A Pyapyala ndi Mwala Umene Unagwa Masana

Pa yunivesite ina, ku dipatimenti yophunzitsa za miyala, kunali chipinda chapansi chimene ophunzira ankachitcha kuchigayo. Zenera lake linali lolingana ndi nthaka ya panja, moti munthu akakhala mkatimo ankangoona nsapato za odutsa. Mmenemo ndi mmene munakalambira bambo wina wojintcha, wa mimba yotsogola, amene aliyense, kuyambira alonda mpaka aphunzitsi, ankawatchula kuti a Pyapyala. Mlendo akamva dzinalo n'kuona mwini wake ankaluma mlomo kuti asaseke. Koma dzinalo silinali la thupi, linali la ntchito.

Aphunzitsi akabwera ndi mwala kuchokera kumapiri, a Pyapyala ankachekako kachibenthu ndi macheka a magetsi, n'kukamata ndi guluu pa kagalasi kotalika ngati chala. Kenaka ankawaza ufa wonolera pa galasi lalikulu lathyathyathya, kudonthezera madzi, n'kumazunguliza kamwalako ndi nsonga za zala, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka kapyapyale kuposa tsitsi n'kuyamba kudutsa kuwala. Mwala ukafika pamenepo subisanso kanthu. Pa maikulosikopu timibulu tonse timene tinaupanga timaonekera poyera, kalikonse ndi mtundu wake. Kuwerenga timibuluto inali ntchito ya aphunzitsi, ndipo a Pyapyala sankalowerera. Chawo chinali kudziwa pamene kamwala kafika, ndi kuleka kasanapitirire.

Bambo awo anali woswa miyala m'mbali mwa msewu, ndipo a Pyapyala ankakonda kunena kuti, "Ntchito ndi yomweyo, kungoti ine ndimaswa mwaulemu." Analowa pa yunivesitepo ngati wosesa, ndevu zikungomera kumene, n'kuphunzira kunola kwa mkulu wina amene maso anali atayamba kumuthawa. Zaka zonolazo zinawadya mizere ya m'zala. Tsiku lina atapita kukajambulitsa chiphaso, makina odinda zala anawakana mobwerezabwereza, mpaka kalaliki anawafunsa ngati zalazo zinalidi zawo kapena anachita kubwereka.

Makolo atamwalira, a Pyapyala ndi amene analera mlongo wawo wamng'ono. Anamuphunzitsa mpaka pamene mutu wake unakanira, anamukwatitsa, ndipo mwamuna wake atamwalira anamupezera makina olukira majuzi. Mayiyo ankachita lendi kutsidya kwa tauni, pa poloti ya nyumba zamdadada, n'kumalukira ana a sukulu majuzi. Mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. M'nyumba yoyandikana ndi yake munkakhala a Makanika, wokonza njinga zamoto, ndi mkazi wawo komanso mwana wawo wamkazi wa ku sekondale, katswiri wothamanga. Azimayi awiriwo sankamwerana madzi, ndipo nkhani yake inali ya madzi omwe: ochapira a kwa a Makanika ankayenderera mpaka pakhomo pa mayi wamasiyeyo. Tsiku lina atakangana, wamasiyeyo anati, "Pitirizani, muona." Mawu amene munthu aliyense amanena akapsa mtima, n'kuwaiwala asanamalize kutsuka mbale.

Loweruka lina masana, kumwamba kuli mbee, kunamveka kugunda ngati bingu, kenaka kulira ngati mluzu. Mwala wakuda bii, waukulu ngati chibakera cha mwamuna, unaboola lata la a Makanika n'kukagwera pa mwendo wa mtsikana uja, amene anagona pamphasa akuwerenga. Fupa linathyoka pansi pa bondo.

Foni inawapeza a Pyapyala akupopa njinga kunyumba kwawo.

"Achimwene, kuno kwagwa mwala kuchokera kumwamba."

"Ana akugenda, achemwali. Tulukani muwakalipire."

"Ayi, waboola lata la aneba, wavulaza mwana. Amutengera kuchipatala. Kunja ndi wakuda ngati khala, mkati wotuwa ngati simenti. Kena kakang'ono kagwera pakhomo panga pomwe."

Zaka zonsezo a Pyapyala ankangomva aphunzitsi akukamba za miyala yotere, osaigwirapo. Mtima unawadumpha ngati wa mwana.

"Katoleni msanga! Musakatsuke, madzi asakakhudze. Kakulungeni pa kansalu koyera, mukasunge bwino. Ndikubwera."

Sanafunse n'komwe kuti panjapo panali ndani. Ndipo panali anthu, poloti yonse ndi odutsa omwe. Onse anaona mayi wamasiye akuwerama, kutola kamwala, kukakulunga pa kansalu koyera n'kukalowetsa pachifuwa. Wina anakumbukira "muona" uja n'kumunong'oneza mnzake. Pamene a Pyapyala ankatsika minibasi, anyamata anali ataphwanya kale mwala waukulu uja ndi hamala n'kutaya zidutswa zonse m'chimbudzi chokumba, ndipo palibe amene anayankha moni wawo.

Lolemba m'mawa anakwera ndi kansalu kaja ku ofesi ya a Dokotala, mphunzitsi wamkazi amene iwo anamudziwa akadali wophunzira wothyola magalasi awo. A Dokotala anamasula kansaluko, kuyang'ana, n'kuyandikiza maginito omangidwa pa ulusi. Maginitowo anakakamira pa kamwalako. A Dokotala anakhala pansi.

"Bambo Pyapyala, mukudziwa chimene mwandibweretsera? Khungu lakudali ndi pamene unapsa polowa mumpweya wa dziko lino. Uwu si mwala wa pansi pano."

"Ndiye mungathe kukawauza kuti palibe anautumiza? Akuti ndi mlongo wanga."

"Ndidzanena zimene ndaona. Koma tiyambe taona mkati. Munole ndi sipiliti, osati madzi. Muli chitsulo, chingachite dzimbiri."

Kamwalako kanali ngati nsonga ya chala chachikulu. A Pyapyala anayerekeza kuti mutuluka tizibenthu tiwiri, n'kutsala kanyenyeswa. Anapukuta macheka, anatsuka galasi lonolera, anatseka chitseko. Koma mwalawu sunali ngati miyala ya kumapiri imene anaizolowera. Unali wofumbutuka, pena wofewa pena wolimba chifukwa cha timachitsulo tija, ndipo sipiliti ankauma msanga pa galasi. Maganizo nawo anali kutsidya kwa tauni. Pakati pa kunola chala chimodzi chinapanikiza kwambiri. Atatembenuza kagalasi anapeza mbali imodzi yatha. Anayesa kulinganiza mbali inayo, ndipo nayonso inapita. Pa galasi lalikulu panangotsala matope otuwa.

Anayang'ana matopewo. Kuwapukuta sanafune, kuwasiya sakanatha. A Dokotala atatsika kudzaona, sanakalipe. Anangoti, "Chatsala chimodzi, bambo. Musathamange." Zikanakhala bwino akanakalipa.

Chachiwiricho anachinola masiku angapo, pang'onopang'ono, akumaleka nthawi iliyonse imene dzanja latopa. Chitafika, a Dokotala anachiika pa maikulosikopu n'kusuzumiramo. Kenaka anasuntha mpando.

"Bwerani muone nokha."

A Pyapyala anaona timikanda tozungulira, tina ta mizeremizere ngati chipeso, tina tothothoka m'mbali, ta mitundu yowala kuposa nsalu za m'sitolo, pakati pake pali timadontho takuda.

"Timikandato tinaundana dziko lino lisanaumbike," anatero a Dokotala. "Wa mitundu yowalayu timamutcha olivini, wotuwayu pirokisini, takudato ndi chitsulo. Mwala wa timikanda totere dzina lake ndi kondiraiti. Ilipo magulu angapo, malinga ndi kuchuluka kwa chitsulo, ndipo timaupatsanso nambala yosonyeza mmene unatenthedwera kumene unachokerako. Kuti tidziwe gulu lake tiyenera kupima chitsulo cha mkati mwa olivini."

"Ndiye tipime lero."

A Dokotala analoza kudenga. Makina opimira anali m'chipinda cha pamwamba, koma anafa kalekale. Anawafunditsa nsalu, ndipo alembi ankaikapo makapu a tiyi.

"Kanyenyeswa katsalako nditumiza kunja, kwa mnzanga amene ndinaphunzira naye. Tidikira."

"Mlongo wanga sangadikire, a Dokotala."

A Dokotala anavomera kupita nawo. Anafika pa poloti paja madzulo a Lamlungu, anthu atasonkhana pampopi. Anawaonetsa zithunzi za timikanda tija pa kompyuta ya m'manja, n'kufotokoza mofatsa kuti kumwamba kuli miyala yambirimbiri imene imangozungulira dzuwa, ndipo ina imasochera n'kugwa pansi, m'maiko onse, kuyambira kalekale. Anthu anamvetsera mwaulemu. Ana ankakankhana kuti aone zithunzi.

Atamaliza, mkulu wina wogulitsa makala anakweza dzanja.

"Tamva, amayi. Wachokera kutali. Nanga anauponya ndani?"

"Palibe, bambo."

"Mwala n'kudzinyamula wokha?"

Anthu anaseka chapansipansi. Mkazi wa a Makanika sanaseke. Anali atangobwera kuchipatala, maso ali psuu.

"Ine ndifunse, amayi ophunzira. Dziko lonseli, minda, mabwalo a mpira, tchire lopanda munthu, mwalawu unalambalala zonsezo n'kudzasankha mwendo wa mwana wanga. Khomo ili unalidumpha, unalowa ili. Ndiuzeni chifukwa chake."

"Palibe chifukwa, mayi. Zinangochitika."

"Ndiye munaphunzira chiyani?"

A Dokotala anatseka kompyuta yawo ija. Wina kumbuyo anati, "Komanso woupimayo ndi mchimwene wake wa mwini nkhani." A Pyapyala anaona kuti apa ndi pofunika kulankhula. Anapita patsogolo, chipewa m'manja.

"Abale anga, kamwala kaja ndinamuuza ndine kuti atole. Iye sanafune. Ndinamuuza pa foni kuti akulunge pa nsalu."

"Eya," anatero mkazi wa a Makanika. "Ndiye kuti nonse mumaudikira."

Mlongo wa a Pyapyala sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Anangosuzumira pa katani.

Zotsatira zake zinabwera mwakachetechete. Makolo a ana a sukulu anayamba kudzatenga ulusi wawo, ena majuzi ali theka. Ana amene ankakonda kudzaonerera makina akuluka anayamba kudutsa pakhomopo chothamanga. Mayiyo akafika pampopi, azimayi ankachotsa zidebe zawo n'kumusiyira mpopi yekha, ngati ulemu. Mwezi usanathe eni nyumba anabwera, maso ali pansi, n'kunena kuti akufuna kukonza nyumbayo, ndiye ayambe wachokamo.

A Pyapyala anabwereka ngolo n'kukatenga mlongo wawo ndi makina ake. Anamupatsa kachipinda kosungira matumba. Mkazi wawo anamulandira bwino, anamuyalira, anamufunditsa bulangete la alendo. Koma nkhani ili ndi miyendo. Tsiku lina akupalira maluwa kuseri, mkaziyo anati, "Bambo a ana, ine alamu ndilibe nawo chifukwa. Koma mwaona kuti azimayi a kwaya asiya kudzandiyendera?"

"Ndiye ndimutaye kuti?"

"Sindinati mumutaye. Ndangokuuzani."

Mlongoyo makina sanawamasule. Ankakhala pampando, mpira wa ulusi m'manja, kumangoutembenuza. Peyala likagwa pa malata ankadzidzimuka n'kugwira pamtima. A Pyapyala akabwera ku ntchito ankamufunsa, "Mwaswera bwanji, achemwali?" Iye ankati, "Ndaswera. Ayankha akunjawo?" Ndipo iwo ankati, "Sanayankhe." Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo, ngati moni wachiwiri.

Mmawa wina, ali kuchigayo, anaona pa zenera nsapato zothimbirira ndi oyilo zitaima nthawi yaitali. Zinachoka, n'kubweranso. Kenaka chitseko chinagogodedwa, ndipo analowa a Makanika. A Pyapyala anaimirira, osadziwa ngati munthuyo wabwera ndi ndewu.

"Khalani, akulu," anatero a Makanika. "Ndabwera kudzauona."

"Mwana ali bwanji?"

"Chikhakha anachotsa. Mwendo wafupika. Akuyenda, koma zothamanga zija zatha. Anzake akamapita kubwalo iye amatseka chitseko."

A Pyapyala anatulutsa kagalasi kaja m'kabokosi kake, anayatsa maikulosikopu, n'kuwasonyeza a Makanika potsinzina diso limodzi. Bamboyo anawerama, manja akudawo ataika kumbuyo ngati akuopa kudetsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Ataweramuka, nkhope inali itakwinyika.

"Ndi wokongola," anatero, ngati akutukwana. "Chinthu chopundula mwana wanga n'kukhala chokongola chonchi?"

Anakhala pa kampando ka ophunzira n'kupukuta m'maso ndi mkono.

"Akulu, ine ndikudziwa kuti mlongo wanu sanachite kanthu. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Munthu wolephera kutseka mpopi wodontha angatsitse mwala kumwamba? Ndinayesa kunena kunyumba. Mkazi wanga anati nanenso andizunguza mutu, ndasiya mwana wanga n'kumaikira kumbuyo mlendo. Sanandilankhule sabata yonse. Ndiye ndinaganiza kuti akasiya kuda mlongo wanu, ada ndani? Mulungu? Mkazi uja akapanda munthu woti azimuda agwa, ndipo mwana amusamala ndani?"

"Koma mlongo wanga watha, bambo. Wangotsala mafupa."

"Ndamva."

"Ndiye tipange bwanji?"

"Ine ndimati inu mundiuza. Si ndinu a ku yunivesite?"

Anakhala awiriwo, wina apa wina apo, maikulosikopu ikuyaka pakati pawo. Patapita nthawi a Makanika anati ali ndi njinga ya kasitomala yoti amalize, n'kutuluka. Sanabwerenso.

Yankho linafika mvula itatha. A Dokotala anatsika masitepe mothamanga.

"Ayankha, bambo Pyapyala. Ndi kondiraiti wa gulu la L, kutanthauza wa chitsulo chochepa, nambala 5. Unatenthedwa ndithu kumene unachokera, n'chifukwa chake timikanda tina tinali tothothoka m'mbali. Amautcha kondiraiti wamba."

"Wamba?"

"Eya. Yambiri mwa miyala imene imagwa ndi yotere."

"Wamba," anabwereza a Pyapyala.

A Dokotala anaona nkhope yawo, ndipo chimwemwe chinawathera. Anawonjezera motsitsa mawu kuti mnzawo uja wati nyenyeswa inali yochepa kwambiri, moti mwalawo sungalandire dzina lakelake ngati mmene imalandirira inzake. Waukulu uja ukanakhalapo, bwenzi zili zina. Koma waukuluwo unali pansi pa chimbudzi.

Madzulo a Pyapyala anamupeza mlongo wawo pampando womwe uja. Anamufotokozera zonse, za gulu, za nambala, za akatswiri akunja amene atsimikiza kuti mwalawo unachokera kumwamba ndipo unali wakale kuposa phiri lililonse. Mlongoyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ndibwerere, achimwene?"

A Pyapyala anayang'ana pansi. M'nyumba muja munali mutalowa kale anthu ena, ndipo eni nyumba sanakonzemo ngakhale msomali.

"Mukawauze a pa poloti paja," anatero mlongoyo. "Mukati gulu la L."

Sananene mwachipongwe. Anali kuyesadi kuganiza ngati zingathandize. A Pyapyala anati apita, koma onse awiri ankadziwa kuti sipadzapezeka woti amve.

Chaka chimenecho ndi chimene a Pyapyala anapuma pa ntchito. Zaka zinali zitakwana, ndipo manja anali atayamba kunjenjemera ngakhale pogwira kapu. A Dokotala anayesetsa kuti alembedwe wina woti aphunzire kunola, koma akuluakulu anati adzaona. Pa tiyi wotsanzikana anawapatsa wotchi ya pakhoma, ndipo mkulu wa dipatimenti anatchulapo za mwala wakumwamba umene unadutsa m'manja mwawo. Anthu anaomba m'manja. Iwo anangowerama.

Mwezi wotsatira mwana wa mlongo wawo anatumiza uthenga kuti amayi ake apite akakhale naye, kumene kulibe owadziwa. Mkazi wa a Pyapyala analira polongedza, ndipo misozi yake inali yoona, ngakhale kuti mpumulo nawo unalipo. Makina olukira mlongoyo anakana kutenga.

"Alamu apatse amene angawafune. Ine zala zinaiwala."

A Pyapyala anamuperekeza kudepoti m'mawa. Ananyamula chikwama, anakangana ndi kondakitala kuti asachiike pansi pa matumba a anyezi, anamugulira madzi a m'botolo. Pakhomo pa basi anafuna kunena kanthu za foni ija, koma kumbuyo anthu ankakankha.

"Achemwali, tsiku lija..."

"Basi, achimwene. Muzimwa mankhwala a BP aja. Alamu akuti mumadumphitsa."

Analowa. A Pyapyala anaima m'mbali n'kumayang'ana mazenera limodzilimodzi, koma sanamuone. Anazindikira mochedwa kuti mwina wapeza mpando mbali inayo. Anayamba kuzungulira basiyo, akupewa ogulitsa nthochi ndi matope, koma thupi linali lolemera, ndipo asanafike kumbuyo injini inalira. Basi inayamba kusuntha. Pa zenera lina anaona mpango wofanana ndi wa mlongo wawo, ndipo anakweza dzanja n'kubayibitsa ndi mphamvu zonse. Mutuwo unatembenuka. Anali mayi wina wachilendo. Mayiyo anawayang'ana modabwa, kenaka, posafuna kuwachititsa manyazi, anakweza dzanja nayenso.